Mailesi Wosoka Mabuku ku Sakubva

Ku msika wa Sakubva, mukapitirira pamene amagulitsa kaunjika n'kukhotera kwa amayi a tomato, mupeza mayi wina amene sagulitsa chakudya kapena chovala. Ali ndi katebulo kamatabwa, singano zitalizitali, ulusi wolimba, chitini cha guluu ndi njerwa zokutidwa m'nsalu zopsinjira ntchito yake kuti iume mowongoka. Amasoka mabuku. Anthu amamuitana Mai Mazvita, potengera dzina la mwana wake, monga mwa chizolowezi cha kuno ku Mutare, koma dzina limene anamupatsa bambo ake ndi Mailesi. Mukamupeza akuyang'ana kumapiri singano ili m'malere, musaganize kuti wakunyozani. Mudikireni pang'ono, abwerako.

Mailesi anabadwira ku Bvumba, pa famu ya khofi ndi mitengo ya paini, kumtunda kumene mitambo imayenda pansi ngati ziweto. Bambo ake, a Yoswa Chimwaza, anachoka ku Dedza ali mnyamata, nayenda wapansi kudzera ku Tete mpaka anadzapeza ntchito yobzala ndi kudula mitengo m'mapiri amenewo. Mayi ake anamwalira iye akadali wamng'ono, choncho anakula ndi bambo akewo m'komboni ya antchito. M'mawa akatsegula chitseko, nkhungu inkalowa m'nyumba n'kukhala pamphasa ngati mlendo wozolowera. Akamutuma kumadzi, Mailesi ankatha kuima panjira ndowa ili pamutu, n'kumaonerera mitengo ikusowa ndi kuonekeranso.

"Mwana uyu amalota ali chiimire," ankatero a Yoswa.

Kusukulu ya pafamupo anaphunzira kuwerenga Chishona ndi Chingerezi pang'ono. Chichewa chinali cha m'nyumba, cha kutchalitchi ndi cha pamaliro basi.

Chaka cha 2001 kunafika jambanja, nthawi ija mafamu a azungu ankalandidwa. M'mawa wina kugeti kunamveka ng'oma ndi nyimbo. Mwini famu ananyamuka, eni atsopano anagawana minda nanena kuti adzalima okha, ndipo antchito anauzidwa kuti aliyense abwerere kumudzi kwawo. Amene anali ndi midzi anamanga katundu n'kupita. A Yoswa anangokhala pachitsa, chipewa chili m'manja.

"Madala, kwanu n'kuti?" anafunsa munthu wina amene ankayenda khomo ndi khomo.

"Kwathu ndi pamene mwaimapo," anayankha a Yoswa. "Mitengo mukuionayo ndinabzala ndine."

Koma masiku amenewo yankho lotero silinkapulumutsa munthu. Mailesi anali ndi khanda lake, Mazvita, kumsana, ndipo mwamuna wake anali atapita kale ku Joni ndi lonjezo lakuti adzawaitanitsa, lonjezo limene silinakwaniritsidwe mpaka lero. Atatuwo anatsika phiri atakwera pamwamba pa lole ya matabwa. Mayi wina wa kutchalitchi anawapezera chipinda chimodzi ku Sakubva, m'nyumba zakalekale zija munayamba kukhala anthu a ku Nyasalande. Kunali fumbi, kutentha, ndi phokoso la kumabala. Koma akaima pamsewu, Mailesi ankaiona Bvumba ili uko, itavala duku lake loyera.

Ntchito anaipeza pa kampani ina yaing'ono yosindikiza, pafupi ndi njanji. Mwini wake anali a Abisai, bambo wamfupi wa mtundu wa Chimanyika, wa inki m'zikhadabo. Anamulemba kuti azisesa zinyenyeswa za mapepala. Tsiku loyamba, atalowa m'chipinda chosungiramo mapepala, Mailesi anaima tsache lili m'manja. Mapepalawo ankachokera ku fakitale ya mu Mutare momwemo, imene inkagaya mitengo ya paini ya m'mapiri. Iye anawanunkhiza namva kafungo ka utomoni, kakutali ngati nyimbo ya kutsidya la mtsinje. Madzulo anakawauza bambo ake.

"Ababa, mitengo yanu ija ndaipeza. Yasanduka yoyera, ndipo akuilemba."

A Yoswa anaseka koyamba chitsikire m'phiri.

Pakampanipo buku linkadutsa m'manja ambiri. Panali Godknows, amene ankayendetsa makina osindikizira ndi kuwamvetsera ngati sing'anga akumvetsera chifuwa cha wodwala. Panali wodula mapepala ndi chimpeni chotsika chokha. Ndiye panali tebulo lalitali la amayi opinda, osanja ndi osoka, ndipo wamkulu wawo anali Petronella, mayi wa mawu aakulu woyambitsa nyimbo. Ntchito yambiri inkachokera ku Harare. Sukulu zikayandikira kutsegulidwa, makampani akuluakulu a mabuku ankachulukidwa, ndipo ankagawirako ang'onoang'ono onga a Abisai. Kumeneko ku Harare, ankatero a Abisai, kuli olemba, akonzi owongola mawu, ojambula zithunzi, ndi amalonda oyendera masukulu ndi mabuku m'galimoto. Mailesi anthu amenewa sanawaonepo. M'maganizo mwake ankakhala m'nyumba zosanja za magalasi, zidendene zawo zinali zosalala, ndipo sankaima pamzere wa buledi.

Petronella ndiye anaona kuti wosesayu ali ndi manja ofatsa, namukokera patebulo. Ntchito yopinda inali yotere: aliyense ankapatsidwa mulu wa chipepala chimodzimodzi, chigawo chimodzi cha buku, n'kumachipinda kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Wina ankapinda chiyambi, wina mathero. Mailesi kawirikawiri ankagwera pakati. Choncho mabuku ambiri a m'dziko muno anawadziwa pamimba pokha, opanda mutu ndi miyendo. Nthawi ina anapinda kwa masiku ambiri tsamba limene munthu wina amatsika basi ndi sutikesi kudera kumene palibe womuchingamira, n'kukagogoda pakhomo la nyumba yachilendo. Pamenepo chipepala chinkathera. Akanafuna akanatha kusuzumira mulu wa mnzake n'kuona amene anatsegula. Sanafune. Ankanyamula munthu wa sutikesiyo m'mutu, n'kumayenda naye wapansi mpaka ku Sakubva, ndipo pofika kunyumba khomo lija linkakhala litatseguka.

A Yoswa maso anali atayamba kuchita ng'ala, ndipo ankakhala pakhonde kudikira mwana wawo.

"Nanga wa sutikesi uja amutsegulira?" ankafunsa iye asanatule n'komwe thumba.

"Amutsegulira, ababa. Wotsegulayo ndi mlongo wake amene anthu ankati anapita ndi madzi."

"Aa! Zalembedwa choncho?"

"Penapake zalembedwa."

Iwo ankadziwa kuti mwana wawo akupeka, iyenso ankadziwa kuti iwo akudziwa. Nkhani zimene ankaziwerenga m'Chishona ankazimaliza m'Chichewa, ndipo anthu a m'mabukuwo, ngakhale anali a ku Masvingo kapena ku Gweru, pomaliza ankapezeka akukwera phiri la nkhungu.

Zaka zimenezo zinali zokoma, koma sizinakhalitse. Pofika 2008 ndalama inali ngati masamba a m'chilimwe. Aphunzitsi anathawa m'masukulu, ana anakhala pakhomo, ndipo palibe ankaitanitsa mabuku. Fakitale ya mapepala ija inasiya kufuka utsi. Anthu a pakampani anayamba kusowa mmodzimmodzi. Godknows anapita ku Joni kukayendetsa makina a eni. Wodula mapepala uja anathamangira miyala ya dayamondi ku Chiadzwa. Petronella anayamba kuoloka malire kukaoda kaunjika ku Chimoio. Zinthu zitayamba kukhazikika, kunamveka zoti masukulu onse alandira mabuku atsopano, ndipo a Abisai anapukuta makina awo n'kumadikira foni. Mabukuwo anafikadi, koma anthu ankati ambiri anasindikizidwira kutali. Tsiku lina a Abisai anaphimba makina aakulu aja ndi lona, nasiya kamakina kakang'ono kosindikizira mapulogalamu a maliro ndi makadi a ukwati. Amayi amene anatsala anawauza kuti atenge singano, ulusi ndi guluu yense wotsala.

"Manja muli nawo," anatero. "Ine ndilibe china chokupatsani."

Umu ndi mmene katebulo kaja kanafikira kumsika. Poyamba ankabwera ndi Mabaibulo othothoka zikuto ndi mabuku a nyimbo onyowa ndi mvula. Kenaka kunabwera munthu wina wa makina a fotokope. Makolo sankakwanitsa kugula mabuku enieni a kusukulu, choncho iye ankagula limodzi n'kulikopa kambirimbiri, ndipo ankafuna womusokera. Mailesi anavomera. Masamba ake anali otuwa, ndipo nkhope za m'zithunzi zinkaoneka ngati za anthu oima mu utsi. Iye ankawasoka bwinobwino ngati enieni, ndipo ndalama zimenezo ndi zimene zinaphunzitsa Mazvita sukulu.

Tsiku lina m'nyengo yozizira, chaka cha 2014, patebulopo panaima mayi wachikulire wa imvi, atavala juzi yotha m'zigongono ndi nsapato zansalu, m'manja muli thumba la repu. Anatola buku limodzi la ana a giredi 3 n'kumalitembenuza pang'onopang'ono. Anayankhula m'Chishona.

"Mwasoka bwino, mwana wanga. Ili silithothoka msanga. Amene analilemba mumamudziwa?"

"Ayi amayi. Ndi anthu a ku Harare amenewo."

"Si wa ku Harare ayi. Amakhala konkuno ku Mutare, ku Fairbridge Park, m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya mwana wake. Ndine ndemwe. Dzina langa ndine Tecla."

Anatsegula kumayambiriro kwa bukulo naloza ndi chala. "Linali apa dzinalo. Panali tsamba apa." Wa fotokope uja tsamba limenelo ankalidumpha kuti asaononge pepala.

Mailesi anasowa poyang'ana, ndipo maso ake anagwera pansi, pa mapazi a mlendoyo. Zidendene zinali zong'aluka ngati zake zomwe. Anadzuka n'kuwapatsa mpando wake.

"Pepani amayi. Sindinkadziwa kuti muli pafupi chonchi."

"Ndikanakhala kutali bwenzi zili bwino?" anafunsa mayi Tecla, koma mopanda ukali. Anakhala pansi naika thumba la repu pamiyendo. Anafotokoza kuti anali mphunzitsi, ndipo bukulo analilemba pa holide, patebulo lositirapo zovala. Mkonzi amene analiwongola tsopano anali ku Ingalande, akusambitsa nkhalamba. Wojambula zithunzi zake ankalemba zikwangwani za malo ometera ku Mbare. Kampani imene inalitulutsa inatsala ndi anthu owerengeka m'chipinda chimodzi.

"Tinali gulu lalikulu, mwana wanga, koma sitinkadziwana. Tsopano tabalalika tisanapatsane n'komwe moni."

"Inenso ndinali m'gulumo," anatero Mailesi mwamanyazi. "Buku lomweli ndinalipindapo, lenileni, kwa a Abisai. Ndinagwira chigawo cha pakati, paja kamtsikana kataya mbuzi m'phiri."

"Ndiye mwaona tsopano mmene zinathera?"

"Ayi. Ndikafika pamenepo ndimasoka osayang'ana."

Mayi Tecla anaseka mpaka kutsokomola. "Nanga kwa inu mbuziyo inatani?"

Mailesi anawauza. Mbuziyo inatsatira mtambo umene unatsika kudzamwa madzi, kamtsikanako kanatsatira belu la mbuziyo, ndipo kanakafika kumudzi wina umene umaoneka m'mawa mokha, kumene kumakhala anthu onse amene anasowa kwawo. Nkhaniyo inatalika. Ogula tomato anadutsa, dzuwa linasuntha, repu uja anayamba kufota.

"Yanga inapezeka m'dimba la kabichi, basi," anatero mayi Tecla pomaliza. "Yanuyi yatalikitsa, mwana wa giredi 3 angagone pakati. Koma muli kanthu m'menemo."

Mailesi sanasiye tsiku lomwelo kusoka mabuku a fotokope, pakuti njala sinasiye kubwera. Chimene anachita, anamuuza munthu uja kuti buku lopanda tsamba la dzina iye salisoka. Munthuyo anaseka, koma anayamba kulikopa tsambalo. Patapita nthawi anagula chida chomangira mapepala ndi timawaya, nasiya kubwera. Mailesi sanamulondole.

Mayi Tecla anazolowera kudzera patebulopo Loweruka lililonse akabwera kumsika. Masiku amenewo a Yoswa anali atachita khungu, ndipo Mailesi ankabwera nawo kumsika n'kuwakhazika padzuwa pambali pake. Tsiku lina mayi Tecla anamvetsera awiriwo akucheza m'chinenero chawo, ndipo anati:

"Mukudziwa kuti malamulo atsopano a dziko akuchiwerengera Chichewa pakati pa zinenero za Zimbabwe? Tsiku lina ana adzachiphunzira kusukulu. Adzawerenga chiyani?"

Mailesi atawamasulira, a Yoswa anapukusa mutu. "Chinenero cha m'komboni chomwechi? Chimene ankatiseka nacho?"

"Chomwecho," anatero mayi Tecla. "Mai Mazvita, lembani."

Mailesi anali asanalembepo Chichewa. Kalembedwe kake anakaphunzira m'Mabaibulo a Chichewa amene akuluakulu a kutchalitchi ankabwera nawo kuti awasoke. Ankaona mmene mawu amene wakhala akuwayankhula moyo wake wonse amaonekera atagona papepala, ndipo ena ankamudabwitsa ngati m'bale amene wamuona koyamba atavala suti. Anasankha kulemba za ulendo wa bambo ake, mnyamata wochoka ku Dedza wapansi. Ankalemba pa zinyenyeswa za mapepala pakakhala palibe makasitomala, n'kumawawerengera eni ulendowo.

"Iyayi, iyayi," ankadula a Yoswa. "Ine sindinagonemo m'mphako ya mlambe."

"M'bukumu munagonamo, ababa."

"Nanga nyenyezi zimene ukuti zinatsika kudzasamba pa Zambezi, ndani anaziona?"

"Inuyo. Munangoiwala."

A Yoswa ankatembenuzira nkhope kumene kunali dzuwa. "Chabwino. Koma ulembemo kuti m'mphakomo munali udzudzu. Anthu asamaganize kuti tinabwera mosangalala."

Udzudzu unalowamo. Munalowanso njala ya ku Tete, bwato lobooka, ndi mnzawo wina amene anadwala panjira n'kutsala m'mudzi wa eni. Zimenezi a Yoswa anali asanazinenepo, koma tsopano zinkatuluka zokha, monga madzi amatulukira munthu akachotsa mwala pakasupe. Mayi Tecla ankatenga mapepalawo kukawataipa pa kompyuta yakale ya mwana wawo, chilembo ndi chilembo, pakuti Chichewa ankangochimva patalipatali. Pamene Mailesi watalikitsa ankamuuza kuti adule, ndipo nthawi zina ankakangana mpaka wina kunyamuka osatsanzika. Loweruka linalo ankapezananso.

Atamaliza anatumiza ku kampani ina ya ku Harare. Mkonzi wa kumeneko, mtsikana wa mawu aulemu, anaimba foni. Anati nkhaniyo waikonda, koma masukulu ophunzitsa Chichewa akadali ochepa, aphunzitsi ake ndi osowa, ndipo kampani singasindikize buku lopanda ogula. Anawapempha kuti adikire. Anadikira. Mvula inagwa n'kusiya, inagwanso, ndipo m'nyengo ya dzinja ya 2017 a Yoswa anagona masana pakhonde osadzukanso.

Maliro atatha, katebulo kaja kanakhala kopanda mwini kwa milungu ingapo. Mailesi ankangokhala m'nyumba. Akuti masiku amenewo m'mutu mwake munali zii, mopanda munthu ndi mmodzi yemwe woyendamo. Amene anabwera kudzamudzutsa anali a Abisai, amene anasindikiza pulogalamu ya malirowo namva za bukulo kwa mayi Tecla.

"Mai Mazvita, Godknows wabwera ku Khirisimasi," anatero ataima pakhomo. "Kuseri kwa kabati ndapezako mapepala akalekale, achita chikasu koma akadali bwino. Bweretsani buku la madala."

Atachotsa lona, anapeza makoswe atamanga m'makina aja. Godknows, amene tsopano anali ndi mimba ndi magalasi, anavula malaya a ku Joni n'kugona pansi pa makinawo, akutukwana makoswe m'zinenero zitatu. Anatsuka, anathira mafuta, anamanga lamba woduka ndi waya. Magetsi ankathima, iwo n'kukhala panja kudya mango, magetsi n'kubweranso. Zithunzi anajambula munthu wina wolemba zikwangwani ku Sakubva, ndipo mlambe wake unaoneka ngati botolo, koma onse anagwirizana kuti ndi mlambe. Makinawo atayamba kugunda, anthu a m'mashopu oyandikana anatuluka kudzaona, chifukwa phokosolo anali ataliiwala.

Petronella anamva, natseka kaunjika wake n'kubwera ndi amayi ena awiri a kale. Anakhala patebulo lalitali lija, aliyense pamalo pake pakale, popanda wowauza. Petronella anayambitsa nyimbo. Kudzera pazenera losweka, kuwala kunkagwera pa fumbi la mapepala limene linkayandama m'chipindamo, ndipo Mailesi ankaona ngati onse amene anachoka ali pomwepo, kungoti atembenukira kukhoma. Anapinda, anasanja, anasoka. Amayi enawo Chichewa sankachidziwa, koma ankafunsa kuti mnyamata wa pachithunziyo akupita kuti.

"Akubwera kuno," ankayankha Mailesi.

Pachikuto panalembedwa mayina awiri, la Yoswa Chimwaza pamwamba, la Mailesi pansi. Kumapeto a Abisai anaumirira kuti alembepo onse amene analigwira, kuyambira wotaipa mpaka opinda.

Ndikanakonda kunena kuti bukulo linagulidwa ngati mandasi, koma sizinatero. A kutchalitchi anagulako, mabanja ena a ku Penhalonga anaitanitsako, ena onse anakhala m'makatoni pansi pa bedi. Ana a Sande sukulu ankaliwerenga ndi lilime la Chishona n'kumafunsa kuti mphako n'chiyani. Mazvita, amene tsopano ndi mayi wa ana ake ndipo nkhani amawerenga pafoni, analimaliza movutikira, nafunsa m'Chishona chifukwa chimene agogo ake sanamuuzire zonsezi ali moyo. Mayi Tecla anadwala miyendo ndipo mwana wawo wina anawatengera ku Bulawayo. Amaimba foni mwa apo ndi apo, ndipo funso lawo ndi limodzi: lachiwiri lili pati? Makina aakulu aja sanagundenso. A Abisai anawagulitsa kwa ogula zitsulo.

Chaka chatha kumsika kunafika bambo wina wamtali wofuna tomato, ndipo atamva Mailesi akuyankhula ndi mayi wina wa kutchalitchi anatembenuka msanga. Dzina lake anali Aleck, wa ku Mchinji, dalaivala wa thiraki yonyamula katundu kuchokera ku Beira. Thiraki yake inali pamzere kumalire ndipo anakwera kaminibasi kudzagula ndiwo. Chichewa chake chinali chothamanga, chodzaza ndi mawu amene Mailesi anali asanawamvepo. Anaona kabuku kaja patebulo, nakatsegula, nayamba kuwerenga mokweza. Sanapite patali, anaphulika kuseka.

"Mayi, Chichewa ichi mwachifukula kuti? Chonchi ankayankhula agogo anga! Ndiye apa mwasakanizanso ndi cha kuno. Mawu awa kwathu kulibe."

"Kuno aliko, achimwene," anatero Mailesi. "Anabadwira konkuno, ngati ine."

Aleck anapitiriza kuwerenga, ndipo kuseka kuja kunachepa. Anaima pomwepo mpaka anafika pa bwato lobooka. Kenaka anagula awiri, nanyamula tomato wake n'kupita.

Mailesi anaiwalako. Koma patapita miyezi, tsiku lina kukuwaza kamvula, anangoona munthu wamtali uja waima patsogolo pake ndi jumbo m'manja.

"Mwandikumbuka, mayi? Buku lija ndinakafika nalo kumudzi. Ana anga analiseka monga ndinachitira ine. Koma mayi anga anati ndiwawerengere lonse, ndipo nditamaliza anati ndiyambirenso. Mchimwene wawo anapita ku Rodeshiya wapansi iwo ali kamtsikana, osabwerako. Akuti tsopano adziwa njira imene anadzera."

M'jumbomo munali mtedza wosenda, mphatso yochokera kwa mayiwo. Pansi pa mtedzawo panali kanthu kokulungidwa m'kansalu. Linali buku la nyimbo, lakuda ndi utsi, lopanda chikuto, masamba ali balala ngati nkhuku yonyowa.

"Akuti kwathu osoka mabuku anatha. Akuti muwakonzere."

Mailesi analilandira ndi manja awiri. Analitembenuza, naona pamene ulusi wakale unadutsa, nazindikira kuti amene analisoka poyamba anali munthu wodziwa ntchito, kaya anali ndani, kaya kunali kuti.

"Lifunika masiku, achimwene. Masamba ena ndiyambe ndawamata."

"Palibe changu. Ndikupita ku Lusaka, ndidzadzera pobwerera."

Analigwira ntchito mosathamanga. Masamba ong'ambika anawamata ndi timapepala topyapyala, nawasanja motsatira manambala a nyimbo, nalisoka, naliveka chikuto cha nsalu yobiriwira imene Petronella anamupatsa kuchokera m'belo la kaunjika. Nyimbo zingapo za pakati zinasoweratu, ndipo m'malo mwake anaikamo masamba oyera kuti mwini wake akauze adzukulu amulembere, pakuti nyimbo zotere munthu amakhala nazo pamtima.

Aleck sanadzerebe. Mwina kampani inamusinthira njira, mwina ali pamzere kumalire ena. Bukulo lili m'thumba la pulasitiki pansi pa katebulo, ndipo thiraki iliyonse ikalira kumsewu waukulu, Mailesi amadzutsa mutu.